Nthenga ya Mbalame ya Moto ndi Mwendo wa Zione

Zikomo amayi otsogolera, zikomo nonse. Ndaona ena akusekera m'manja pamene amayi anena kuti mnzathu amene alankhule tsopanoyu anagwa ndi nthenga. Sekani ndithu, musabise, nanenso ndikanaseka. Muno muli anthu amene anagwa ndi zinthu zomveka: achimwene apa ndi mowa, achemwali uko ndi kubetcha mpira, ena ndi mankhwala. Ine ndinagwa ndi nthenga, ndipo si nthenga zenizeni zoti mungagwire m'manja ayi, koma za m'gemu ya pafoni. Dzina langa ndi Zuze, ndimakhala konkuno ku Glen Norah, kumtunda kwa mjigo. Ndinabadwira ku Tete, amayi anandiwolotsa ndili kumbuyo nthawi ya nkhondo, ndipo Harare ndiye wandilera. Ndili ndi mkazi, Enelesi, wa makolo a ku Katete, ndi mwana mmodzi wamkazi, Zione. Ndaimirira pano kuti ndikuuzeni mmene ndinatsalira pang'ono kulandidwa mwana ameneyo.

Ndinkagwira ntchito yowotcherera zitsulo ku Workington. Ntchito itayamba kuchepa anatiitana m'kantini, anatithokoza bwinobwino, n'kutiuza kuti tizipita kwathu. Poyamba ndinkadzuka m'mawa ngati kale, kukwera kombi, kuzungulira mageti. Pageti lililonse mlonda ankandiyankha ndisanatsegule n'komwe pakamwa. Kenako ndinagwa mphwayi, ndinasiya kupita. Pakhomo tinkadya chifukwa cha Enelesi. Amaweta nkhuku zoyera zija kuseri kwa nyumba, kuzipha, kuzisosola, n'kugulitsa kwa anthu a maukwati ndi kwa amayi ophika chakudya cha masana kumafakitale. Ine ndinkangokhala pakhonde, kuyang'ana amuna anzanga akuthamangira kombi.

Gemuyo anandiikira m'foni ndi mnzanga wina wa kuntchito, kuti tsiku lizitha. Ndifotokoze pang'ono, chifukwa amayi akuluakulu apa akundiyang'ana ngati ndayamba Chipwitikizi. Mmenemo amakupatsa kamalo kopanda kanthu, m'dziko longopeka, la mapiri ofuka utsi ndi zinjoka zouluka. Osewera mumakhala gulu, mumamanga mudzi umodzi, aliyense ndi ntchito yake: wina wokumba miyala, wina wosula, wina woluka nsalu, ena asilikali oteteza mudziwo. Palibe chimene chimangopezeka chokha. Muvi umafuna mtengo, chitsulo ndi nthenga, ndipo chimodzi chikasowa muvi palibe. Anyamata onse ankathamangira usilikali. Ine wofika mochedwa ndinapeza ntchito yotsala, yoweta mbalame ndi kutola nthenga.

Abale, gemu imeneyo sindidzainyoza, ngakhale inandifikitsa pamene inandifikitsa. Amene anaipanga anakhalapo ndi mbalame, ndikukuuzani. Tsekwe ukamamuthamangitsa amathothoka nthenga zothyoka, zopanda ntchito. Ukamudyetsa bwino n'kumusiya asambe padziwe, m'mawa umapeza nthenga zazitali, zowongoka, zili mbwee paudzu. Ukamupha umapeza zambiri tsiku limenelo, basi, mawa ulibe kanthu. Ukazisiya pamvula zimawola. Ndipo nthenga iliyonse inali ndi kwake. Za mapiko a tsekwe zinkapita ku mivi. Zofewa za pachifuwa zinkapita ku mitsamiro yogonera asilikali ovulala. Za kadzidzi ankasokera chovala choti mdani asakumve ukamayenda, za khwangwala ankalembera mawu a matsenga. Mphepo ikawomba unkaiona nthenga ikutembenuka, kuonetsa kunsi kwake kotuwa, kenako n'kukodwa pachitsamba. Iii, zinali zokongola! Ine munthu wa zitsulo ndimaidziwa ntchito imene mwini wake anaikapo mtima, ndipo ija inali yotero.

Koma chimene chinandigwira si kukongolako. Kumeneko ankandifuna. Gulu lathu linali la anthu a mayiko osiyanasiyana, ambiri sindikudziwa nkhope zawo mpaka lero. Zinjoka zikamabwera kudzaukira mudzi, mauthenga ankangogwa: Zuze ali kuti, mivi yatha, nthenga zili kuti? Munthu amene mlonda wa pageti sankamulola kumaliza moni, uku akufunidwa ndi mudzi wonse! Ndinayamba kuyenda monyang'wa mumsewu. Atsekwe anga ndinawapatsa mayina, ndinkadziwa wosusuka ndi wamantha. Nkhuku za Enelesi, zimene zinkandidyetsa, sindinkadziwa n'komwe kuti zimadya nthawi yanji.

Kuchoka apo zinathamanga. Magetsi akapita ndinkazungulira makomo a anthu a sola kupempha kutchaja, ngati wopempha mchere. Makina anga owotcherera, amene ndikanayambira ntchito yangayanga, ndinagulitsa, zonse n'kuthera mu bandulo ndi foni yaikulupo. Kutchalitchi ndinkakhala benchi lakumbuyo, foni ili pakati pa miyendo. Kumaliro a mnansi wathu azibambo anzanga anandilanda fosholo ataona kuti ndikukwirira manda ndi dzanja limodzi. Zione ankabwera ndi buku la kusukulu, "Baba, onani," ine n'kumati ndaona, maso ali pagalasi la foni. Enelesi analankhula, anadandaula, anakalipa, kenako anangokhala chete. Ine, chitsiru, ndinaganiza kuti wazolowera.

M'gemumo munali mbalame ina, mbalame ya moto. Sinkawetedwa, sinkagwidwa. Inkangodutsa pamwamba pa mudzi nthawi imene yafuna, mwina miyezi osaoneka, n'kugwetsa nthenga imodzi yokha. Kuti uitole unkayenera kuika chala chachikulu pa nthengayo n'kumaitsatira pamene ikutsika, ikupita uku, ikubwerera uko, mpaka ifike pansi. Ukangochotsa chala inkapsa n'kusanduka phulusa. M'gulu lathu lonse panalibe amene anali nayo. Ine inandipserapo kangapo, ndipo ndinalumbira kuti ikadzabweranso sindidzaphethira.

Linali Loweruka m'mawa. Enelesi anali ndi nkhuku za ukwati zoti asosole. Anasonkha moto panja, anatereka chimphika cha madzi panjerwa, madziwo n'kuyamba kuwira. Kenako anaona kuti madzi otsukira sakwana. Anakweza zigubu pa wilibala n'kudzaima patsogolo panga.

"Bambo a Zione, ndikupita kumjigo. Mwanayu akusewera pafupi ndi moto. Mwandimva?"

"Ndamva."

"Ndiyang'aneni kumaso, munene kuti mwamva."

Ndinakweza maso, ndinati ndamva. Anapita.

Asanafike n'komwe pakona, thambo la m'foni linafiira. Mbalame ija! Inadutsa ndi mapiko ake oyaka, nthenga n'kuyamba kutsika, ine chala pomwepo. Nthawi yomweyo nkhuku ina inali itapulumuka m'dengu, ndipo Zione, pofuna kuthandiza amayi ake, ankaithamangitsa. Zimenezi ndinachita kuuzidwa, ine sindinaone. Chimene ndinamva ndi chimphika chikugwa, madzi akuzimitsa moto, kenako mawu a mwana wanga.

"Baba!"

Apa m'pamene anthu okoma mtima amafuna kundithandiza kunama. Amati mwina simunamve, mwina munadzidzimuka miyendo n'kuuma. Ayi. Ndinamva. Ndinadziwa kuti ndi Zione, ndinadziwa kuti ndi madzi aja. Nthenga inali itatsala pang'ono kufika pansi, ndipo mumtima ndinati, ifike kaye. Anaitananso. Chala changa sichinachoke pagalasi. Nthenga inatera paudzu, foni inaimba kanyimbo ka chipambano, ndipo m'pamene ndinaimirira.

Ndinapeza Mai Tendai, mnansi wathu wa Chishona, mayi wathupi wodwala mawondo, atadumpha kale mpanda, atamunyamula mwanayo, akumuthira madzi ozizira. Mmene anadumphira mpanda umenewo ndi mawondo awo aja sindikudziwa mpaka lero. Mwendo wa Zione, kuyambira pabondo mpaka kuphazi, khungu linali litayamba kusupuka. Mai Tendai anayang'ana ine, anayang'ana foni m'dzanja langa ikuimbabe kanyimbo kake. Ndi iwo anaimitsa galimoto pamsewu, ndi iwo anatuma munthu kumjigo kukaitana Enelesi.

Kuchipatala anamusamalira bwino, anagonekedwa kwa kanthawi. Tsiku lotuluka kunabwera alamu anga a Gidiyoni, achimwene ake a Enelesi, amene amakhala ku Kambuzuma ndipo amagwira ntchito ku Willowvale. Inu a kwathu mukudziwa kuti kwa ife mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi malume. Kuno ku Harare timaiwala zimenezi, chifukwa kwa anzathu a Chishona mwana ndi wa bambo, ndipo ine ndinali nditazolowera kuyenda ngati mwini mwana. A Gidiyoni ndi munthu wamfupi, wosakweza mawu. Ndinkayembekezera chibakera, ndipo ndikanachilandira ndi manja awiri. Iwo anandipatsa moni wonse, kufunsa mmene ndadzukira, kenako anati:

"Alamu, Zione sabwerera ku Glen Norah. Akakhala kwa ine, azipita kusukulu kuchokera kwa ine. Sukulu zikatsekera kumapeto kwa chaka ndimuperekeza ku Katete kwa agogo ake, akakulire kumeneko. Pokhapokha ndione ndi maso angawa kuti pakhomo panu pali bambo."

"Alamu, inali ngozi."

"Madziwo inali ngozi," anatero. "Zinazo Mai Tendai andiuza."

Anamunyamula mwanayo m'manja kukakwera naye kombi. Zione anabisa nkhope paphewa lawo, sanandiyang'ane.

Mukuganiza kuti ndinasiya pamenepo? Aaa, inu simukundidziwa. Ndinalowa mozama kuposa kale. Kunja kuno ndinali bambo amene anawotcha mwana, azimayi ankasiya kucheza ndikamadutsa. M'gemu ndinali Zuze wa nthenga ya moto, anthu akundiyamikira m'zilankhulo zimene sindizidziwa. Inu mukanasankha kukhala kuti? Ndinayamba kumwa tija ta m'mabotolo ang'onoang'ono, toyaka pakhosi, kuti ndikatseka maso ndisamve mawu aja. Sindinkasamba. Ku Kambuzuma sindinapondeko chifukwa cha manyazi. Enelesi ankapita yekha kukamutsuka bala mwanayo, kubwerako, kudyetsa nkhuku, kusosola, n'kundiikira chakudya patebulo ngati akuikira munthu wa lendi.

Masana ena akuchokera ku Kambuzuma, Enelesi anandipeza pakhonde. Anavula nsapato, anakhala pansi pafupi nane, chinthu chimene anali asanachite kuyambira tsiku lija. Ndinabisa foni m'thumba poganiza kuti lero aiphwanya. Akazi ena akanaiponya m'chimbudzi kalekale, ndipo ine ndikanafuna ina, n'kupezanso chifukwa chomukwiyira. Enelesi si wotero. Mayi ameneyu, ndikunena ali kunyumba kuti asandimve, ali ndi nzeru zimene ine sindidzazifikira.

"Bambo a Zione, ndionetseni nthengayo."

"Nthenga iti?"

"Imene munkatola mwana akupsa. Ndikufuna ndiione."

Ndinati azisiye zimenezo. Anati sachoka. Ndinatsegula gemu, ndinalowa m'nkhokwe yanga, n'kumupatsa foni. Anaigwira ndi manja awiri, manja aja ong'aluka ndi madzi otentha a nkhuku. Nthengayo inali ikuzungulira pang'onopang'ono pagalasi, yofiira kutsinde, yachikasu kunsonga, timoto ting'onoting'ono tikuyoyoka. Anaiyang'ana nthawi yaitali, anaisendezera pafupi ndi maso, anaipendeketsa kuti dzuwa lisawale pagalasi.

"Ndi yokongoladi," anatero. Sankanyoza ayi, ankanena zimene waona. "Imagwira ntchito yanji?"

Ndinafotokoza kuti ukaimangirira ku muvi, muviwo umapha chinjoka chachikulu ndi kulasa kumodzi.

"Ndiye munachipha?"

"Ayi, ndikuisunga."

"Mukuisungira chiyani? Igwiritseni ntchito. Mwana wanga anailipira ndi khungu lake, isangokhala m'nkhokwe. Pangani muviwo pompano ine ndikuona, kuti mawa akandifunsa zimene baba ankachita ndikamuuze kuti ankapha chinjoka."

"Amafunsa zimenezo?"

"Nthawi iliyonse pomutsuka bala. Akuti mwina baba sanamve. Ine ndimati sindikudziwa, chifukwa kumunamiza sindikufuna, kumuuza zoona sindikufunanso."

Anandibwezera foni. Abale, kupanga muviwo kunali kungodina basi. Ndinakhala ndi foni m'manja, chala chili m'mwamba, chala chomwe chija, ndipo chinakana. Ndinayang'ana nthenga imene ndinaifunafuna miyezi yonse ija, n'kuiona mmene ankaionera mkazi wanga: kachithunzi kokongola, kosaposa chikhadabo, pagalasi long'aluka pakona. Uku mwana wanga ali ku Kambuzuma akundifunira njira yoti ndikhale wosalakwa. Ndinalira, kulira kwa mamina, pakhonde, masana, ana a sukulu akudutsa. Enelesi sananditonthoze. Anadikira ndimalize, kenako anati nkhuku zilibe madzi. Ndinadzuka kukazipatsa madzi.

Tsopano mverani, inu amene mafoni akukutenthani m'matumba, chifukwa kulira kokha sikuchiritsa munthu. Mawa lake misozi imakhala itauma, foni ili pomwepo.

Ndinayamba ndi kuuza gulu langa la m'gemu zoona. Ndikanangozimiririka akanandifunafuna, ndipo ine ndikanabwerera, chifukwa kufunidwako ndiye kunali mowa wanga. Ndinawauza zonse, za mwana, za chala. Mtsogoleri wathu, mayi wina wa dziko lakutali amene sindinamuonepo, anayankha kuti atsekwe anga awapereka kwa munthu wina, ndipo ndikadzaonekanso m'mudzimo adzandithamangitsa yekha. Mudzi wake unkataya woweta mbalame wabwino, koma sananyengerere n'komwe. Ndimamulemekeza mayi ameneyo. Nthenga ya moto ndinaisiya m'nkhokwe ya gulu, ndipo zimene anachita nayo sindinafunse.

Foni yaikulu ija Enelesi anakaisinthitsa ndi chakudya cha nkhuku, ine n'kutenga kakang'ono ka mabatani, kamene kuno timati kambudzi. Musadzinamize kuti ndingofufuta gemu koma foni ndikhale nayo. Ndinayesapo zimenezo kale: ndinafufuta m'mawa, pofika madzulo ndinali nditaibwezeretsa. Ta m'mabotolo tija ndinasiyira m'chipinda chino, pakati pa inu, ndipo achimwene a pabenchi lakutsogolowa akudziwa mmene ndinkanjenjemera masabata oyamba.

Chovuta kwambiri chinali manja. Chala chinkayenda chokha pathalauza, kutsatira nthenga yosaoneka. Ndinaona kuti manjawa ndikapanda kuwapatsa chogwira andibweza kumene ndachokera. Ndinabwereka makina kwa mnzanga, ndinawotcherera mpanda wachitsulo kuzungulira malo a moto, wokhala ndi kageti kake, ndi choikapo mphika choti ngakhale munthu wamkulu atachikankha sichingagwe. Nditamaliza ndinapempha Enelesi kuti andiphunzitse kusosola.

"Mwamuna kusosola nkhuku pabwalo, anthu akuona?" anafunsa.

Ndinati anthuwo andiona kale ndikuchita zoposa pamenepo.

Tsiku loyamba ndinaviika nkhuku m'madzi otentha kwambiri, khungu lake n'kusupukira m'manja mwanga. Ndinathamangira kuseri kukasanza. Enelesi anadziwa chimene ndaona, anangothira madzi ozizira m'chimphikamo n'kundipatsa nkhuku ina. Anzanga a ku Workington ankadutsa pamsewu n'kumakuwa, "Amai Zuze, mwadzuka bwanji!" Ndinkawayankha ndi mawu aang'ono a chizimayi, n'kupitiriza kusosola. Anatopa okha.

Apa ndiye pali chinthu chimene gemu ija inandisiyira, ndipo sindichibisa. Nthenga Enelesi ankangotaya kudzala, kununkha, ntchentche, anansi kudandaula. Ine maso anga anali ataphunzira kuti nthenga si zinyalala, iliyonse ili ndi kwake. Ndinayamba kusankha, zofewa za pachifuwa pazokha, za mapiko pazokha. Zofewazo ndinkachapa ndi sopo, kuika m'masaka a anyezi aja obowokabowoka, kuyanika padenga, kenako kusoka mitsamiro. Woyamba anagula ndi Mai Tendai, chifukwa cha chifundo. Sabata isanathe anabwera nawo ataugwira ndi zala ziwiri. "Zuze, tenga chinthu chako, ndikumalota ndili m'khola." Nthengazo sindinali nditaziumitsa bwino. Ndinaukhuthula, ndinachapanso, ndinayanika mpaka nthenga zinayamba kuuluka zokha ndikatsegula saka. Tsopano akugonera womwewo. Za nkhuku zachikuda ndi nkhanga, zamitundumitundu zija, ndimapempha kwa amayi a kumsika n'kumangira zopukutira fumbi, madalaivala a kombi amazikonda. Sindinalemere ayi, musandiyang'ane choncho, koma manja ali ndi ntchito.

Chiyeso sichinathe. Tsiku lina m'kombi ndinakhala pafupi ndi munthu akusewera gemu yomweyo. Atsekwe ake anali akuda ndi matope, nthenga zili pamvula, akuziwononga munthu uja! Pakamwa panga panatseguka kuti ndimuuze zochita, dzanja linali litanyamuka kale. Ndinagogoda denga la kombi, ndinatsika ndisanafike, n'kuyenda wapansi mpaka kunyumba. Ngati simungathe kulimbana nacho, tsikani muyende, palibe manyazi.

Chimene ndinkachiopa kuposa zonse chinali Kambuzuma. Ndinayamba kupita Lamlungu lililonse. A Gidiyoni ankandilandira, kundipatsa mpando panja, kucheza nane za mpira ndi za kufakitale, osandifunsa kanthu, osandinyoza, koma osandilowetsa m'nyumba. Munthu uja amadziwa kulanga popanda kuchotsa ulemu. Zione ankasuzumira pakhomo n'kubwerera. Lamlungu lina ndinapempha kulankhula naye malume ake ali pomwepo. Anamuitana, anabwera akutsimphina pang'ono. Ndinanjuta kuti tifanane msinkhu.

"Zione, tsiku lija ndinamva. Unaitana, ndinamva, ndinachedwa chifukwa cha gemu. Usamavutitsenso amayi ako kuwafunsa. Sunalakwe iwe, ndinalakwa ine."

Anandiyang'ana, osalira, n'kulowa m'nyumba. Ndinaganiza kuti ndamutaya kotheratu, kuti bola ndikanamusiya ndi bodza lake lija. Pobwerera a Gidiyoni anandiperekeza mpaka pokwerera kombi, chinthu chimene sankachita.

Sukulu zinatsekera. Ku Kambuzuma kunali zii. Enelesi anayamba kuchapa ndi kupinda zovala za mwana zimene zinatsala pakhomo, zoti apite nazo ku Katete, akupinda osandiyang'ana. Ine chakudya sichinkalowa. Loweruka lina m'mawa, ndili pakati pa kusosola, nthenga zili mpaka m'tsitsi, ndinangoona a Gidiyoni alowa pageti osachenjeza, chikwama m'manja, Zione ali kumbuyo kwawo. Anapita kumpanda wachitsulo uja, anaugwedeza ndi mphamvu, anayesa kageti. Kenako anapinda malaya, anatembenuza ndowa n'kukhalapo, anatenga nkhuku n'kuyamba kusosola nane. Munthu wamkulu, mwini mbumba, pabwalo anthu akudutsa. Tinamaliza dengu lonse osatchula za mwana. Posamba m'manja anati:

"Matikiti a basi sindinagule, alamu. Koma ine si amene ndinapsa. Mwini mwendo anene yekha."

Zione anali ataima pafupi ndi amayi ake, atavala sokosi yaitali yobisa chipsera. Anayenda pang'onopang'ono kuzungulira nyumba, kupita kuseri kumene sitinkamuona. Kenako tinamva:

"Baba!"

Ndinagubuduza ndowa, ndinaterereka pa nthenga zonyowa, ndinadzuka, ndinathamanga mtima uli m'mwamba. Ndinamupeza wangoima pafupi ndi khola, manja kumbuyo, palibe chimene chamuchitikira. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anandidutsa, kukauza malume ake kuti chikwamacho achisiye.

Ali pakhomo tsopano, koma musaganize kuti zinathera pamenepo. Mpaka lero amandiyesa. Amaitana ali kuseri, amaitana ali kwa Mai Tendai, amaitana ndili ndi munthu wogula mtsamiro, ndipo ine ndimasiya munthuyo ali chiimire. Enelesi akuti ndisamukalipire, adzasiya yekha akadzakhulupirira. Kuti ndi liti sindikudziwa, ndipo sindimuwerengera. Dzulo waitana ndili m'bafa. Ndinafika nditadzikulunga thaulo, sopo ali m'maso, sindikuona n'komwe kumene waima. Ndinafunsa kuti chachitika n'chiyani.

"Palibe, baba," anatero. "Pitani mukamalize kusamba."